Kodi mwana wovutika kuphunzira angadzakhale dokotala?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu:

"Adokotala, ndili ndi ana awiri omwe akundisowetsa tulo. Wamkulu ndi mtsikana wa zaka 17, ali Fomu 3. Akamafotokoza Biology ndi pakamwa, anzake amachita kubwera pakhonde pathu kudzamumvera. Koma kuwerenga amachedwa kwambiri, masipelo ake ngosokonekera, ndipo pamayeso nthawi imamuthera asanamalize. Mlongo wake wa zaka 11 anadwala malungo aakulu ali ndi zaka zitatu mpaka anakomoka masiku anayi. Lero akadali Sitandade 2, ndalama satha kuwerengetsera, kuvala timachita kumuthandiza. Kusukulu onse awiri anawalemba kuti ndi ana ovutika kuphunzira. Onse awiri amati adzakhala madokotala. Mphunzitsi wina anandiuza kuti ndisamawanamize, ndingowapezera za utelala. Kodi munthu wotere angakhale dokotala?"

Yankho:

Mayi, pepani ndi nkhawa mwasenzayi, ndipo mwachita bwino kusangomeza mawu a aphunzitsiwo musanafunse kwina. Funso mwabweretsa limodzi, koma ana anuwa ndi nkhani ziwiri, ndipo mayankho ake sakufanana ngakhale pang'ono. Za mtsikanayu ndikuti inde, udokotala ndi wotheka, ngakhale njira yake ndi yachitunda. Za mnyamatayu, udokotala wolemba mankhwala ndi kuchita opaleshoni ku fiyeta sindingakulonjezeni, ndipo chifukwa chake ndikuuzani mosapsatira. Koma sindikusiyani m'malere, pakuti nayenso ali ndi kolowera.

Chimene chasokoneza nkhani yonseyi ndi dzina limene anawapatsa kusukulu. M'sukulu zathu ana osowa thandizo lapadera timawaika m'magulu: osaona bwino, osamva bwino, ovutika kuyenda, kenako gulu lalikulu limene pa Chingerezi amangoti learning difficulties. Ngakhale ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, komwe amasula aphunzitsi a ana oterewa, gulu limeneli ndi nthambi imodzi pambali pa ya osaona ndi ya osamva. Lili ngati dengu limene mayi wachokera nalo ku Zigwagwa: muli tomato, muli usipa, muli nthochi, zonse n'zakudya koma kaphikidwe kake n'kosiyana. Azungu eniake nawo amasokonezana. Ku Britain akati learning disability amanena ulumali wa nzeru, wonga umene mwina mnyamata wanu ali nawo. Ku America mawu omwewo amanena vuto la kuwerenga kapena la masamu mwa munthu wa nzeru zake zonse. Ndiye mtsikana wanu akafufuza pafoni apeza kwina akuti n'zosatheka, kwina akuti madokotala otere ndi ambirimbiri, osadziwa kuti akukamba za anthu osiyana.

Zimene mwafotokoza za mtsikanayu zikufanana kwambiri ndi vuto lotchedwa dyslexia. Kuyankhula mwana amangotola yekha pabwalo, palibe amachita kumukhazika pansi. Kuwerenga n'kwina. Ubongo umayenera kuphunzitsidwa kuphwanya liwu m'timaphokoso take, n'kulumikiza kaphokoso kalikonse ndi chilembo chake, mpaka ntchitoyo izichitika yokha munthu osaiganizira. Mwa ana ena kulumikizaku sikufika pochitika kokha. Liwu lililonse amachita kulimbana nalo ngati akuliona koyamba, moti pofika kumapeto kwa ndime mphamvu zonse zathera pa zilembo, tanthauzo lathawa. Koma nzeru zoganizira, zosunga zimene wamva, zoona mmene ichi chikugwirizanira ndi icho, zonsezo zili bwinobwino. Dokotala wina wa ku England, W. Pringle Morgan, analemba mu 1896 za mnyamata wa zaka 14, wochangamuka m'zonse koma wolephera kuwerenga. Mphunzitsi wake ankati maphunziro akanakhala a pakamwa pokha, mnyamatayo akanaposa onse pasukulupo. Simukuona khonde lanu lija pamenepa?

Akatswiri amati mwa ana 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 ali ndi vutoli. M'kalasi la ana 80, monga makalasi athu ambiri alili, ndiye kuti muli anayi kapena kuposa. Ambiri sayezedwa n'komwe. Amangotchedwa aulesi, a mutu wouma, kubwereza kalasi kawiri katatu, mapeto ake n'kusiya sukulu. Vutoli limayenda m'magazi. Mukafufuza kumtundu mwina mupeza amalume kapena bambo aang'ono omwe sukulu inawakana, koma injini ya galimoto amaimasula yonse n'kuimanganso osatsalapo bawuti.

Kuno ku Mzuzu palinso china choonjezera. Mwana amasewera m'Chitumbuka, m'kalasi akumana ndi Chichewa, ndipo pofika Sitandade 5 maphunziro onse ali m'Chingerezi. Chichewa ndi Chitumbuka zimalembedwa mmene zimamvekera, choncho mwana wa dyslexia amatha kubisalamo, amangooneka wochedwa pang'ono. Chingerezi sichitero. Chilembo chimodzi chimamveka mosiyanasiyana, zilembo zina zimangokhalapo osamveka n'komwe. Apa m'pomwe mwana uja amaonekera poyera, ndipo anthu amayamba kunena kuti walowa chibwana.

Komabe kalata siyeza mwana, ndipo si wochedwa kuwerenga aliyense amene ali ndi dyslexia. Wina ndi maso, bolodi amaliona mwachimbuuzi. Wina khutu linkatuluka mafinya ali wamng'ono ndipo theka la zonena aphunzitsi silinamufike. Wina ali ndi matenda a khunyu a mtundu uja mwana sagwa pansi, amangoti duu kwa timphindi kenako n'kupitiriza. Wina ndi njala, wina anajomba kwambiri m'makalasi oyambirira. Choncho yambani ndi maso ndi makutu ku Mzuzu Central Hospital. Mukatero pitani ku St John of God, omwe akhala akugwira ntchito za umoyo wa maganizo ndi za ana aulumali mumzinda muno kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Mukapemphe kuti katswiri wa za maganizo amuunike, ndipo zimene apeze akulembereni papepala. Pepala limenelo mulisunge ngati chiphaso cha malo.

Tsono kodi alipo madokotala omwe iwo eni ali ndi dyslexia? Alipo, ndipo ena mwa iwo anasintha ntchito yathuyi. Helen Taussig, mayi wa ku America wobadwa mu 1898, ankavutika kuwerenga kuyambira ali mwana. Bambo ake, omwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Harvard, ankakhala naye pansi kumuthandiza. Ali dokotala ankavutika kumva, moti kugunda kwa mitima ya makanda ankakumva ndi zala. Mayi ameneyu ndi amene anabweretsa ganizo la opaleshoni yopulumutsa ana obadwa ndi mtima wosapangika bwino, aja milomo ndi zala zimachita kubiriwira chifukwa chosowa mpweya m'magazi. Opaleshoni yoyamba inachitika mu 1944 pachipatala cha Johns Hopkins, mogwirizana ndi Alfred Blalock ndi Vivien Thomas, ndipo mpaka lero Taussig amatengedwa kuti ndiye anayambitsa nthambi ya matenda a mtima wa ana.

Wina ndi Delos Cosgrove, dokotala wa opaleshoni ya mtima. Anafunsira malo m'sukulu za udokotala 13, yomulandira inali imodzi yokha. Dzina la vuto lake analidziwa atapitirira zaka 30, ali kale dokotala. Anachita maopaleshoni oposa 22,000, ndipo kuyambira 2004 mpaka 2017 anatsogolera Cleveland Clinic, chimodzi mwa zipatala zotchuka kwambiri padziko lapansi.

Sindikutchula anthuwa kuti muziganiza kuti dyslexia ndi mphatso yobisika. Ndi mtolo ndithu, ndipo awiriwa anakulira kumene mabuku ndi owathandiza anali pafupi. Chimene ndikufuna mutolepo n'chakuti kuchedwa kuwerenga ndi kuchepa nzeru ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sukulu 12 zimene zinamukana Cosgrove zinaona zimene ankakhoza papepala, koma zimene mutu ndi manja ake zingachite pa mtima wa munthu sizinazione.

Tibwerere kwathu. Njira yodziwika ya udokotala imadzera ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ya ku Blantyre, ija inatsegulidwa mu 1991, ndi Kamuzu College of Nursing. Wochokera ku MSCE amayamba ndi chaka chokonzekera, kenako zaka zisanu za digiri ya MBBS, kenako miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa m'chipatala chachikulu, ndipo akatero a Medical Council of Malawi amamuvomereza kugwira ntchito payekha. Malo ndi ochepa, ofuna ndi ambiri, moti ana ochuluka opanda vuto lililonse, okhoza bwino ndithu, amatsala panja. Izi mtsikanayu azidziwe kuyambira pano. Walira mvula walira matope.

Kwa iye chipata chopapatiza koposa si cha ku Blantyre, ndi MSCE yomweyi, makamaka English. Kuyunivesite ya boma salowa munthu wopanda makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo English, ndipo za udokotala zimafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu zokhoza mwapamwamba. Apa ndiye pogwirira ntchito pepala lija. Bungwe la MANEB lili ndi dongosolo la olemba mayeso osowa thandizo lapadera: ena amapatsidwa mapepala a zilembo zikuluzikulu, ena a braille, ena nthawi yoonjezera. Koma zimenezi sapempha m'mawa wa tsiku la mayeso. Zimadzera kwa ahedi panthawi yolembetsa mayina, ndi umboni wolembedwa. Poti ali Fomu 3 nthawi ikadalipo, koma si yambiri. Pitani nokha kwa ahedi temu yomwe ino, ndipo mukapemphenso kuti ngakhale mayeso a pasukulu azilemba ndi nthawi yoonjezerayo. Pamenepo mudzaona chenicheni. Ngati malikisi ake akwera nthawi ikamukwanira, ndiye kuti chimene chinkamugwetsa ndi wotchi, osati mutu.

Musakapite ngati wopempha chifundo. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo la za ulumali mu 2012, ndipo mu 2024 panabwera lina latsopano lolowa m'malo mwake. Tsinde la zonsezi pankhani ya sukulu ndi ntchito ndi lakuti njira isinthidwe kuti munthu afike, koma muyeso wofunika pantchitoyo usatsitsidwe. Dalaivala wa basi yotsika pa Chiweta atavala mandala palibe wokwera angadandaule. Koma mabuleki ndi magiya ayenera kuzidziwa ngati dalaivala wina aliyense, chifukwa phompho silifunsa za ulumali wa munthu. Nthawi yoonjezera pamayeso olemba ndi mandala aja. Kudziwa mlingo wa mankhwala ndi mabuleki.

Ndikhalitse pang'ono pa mabulekipa, chifukwa m'pomwe ine, monga wophunzitsa madokotala achinyamata m'mawodi, ndimayang'anitsitsa. Dyslexia sithera patsiku lolandira digiri. Mayina ambiri a mankhwala amafanana ngati mapasa. Chlorpromazine ndi wa matenda a maganizo, chlorpropamide ndi wa shuga. Mukasinthanitsa, munthu amene analibe shuga n'komwe akomoka m'manja mwanu. Carbamazepine timapatsa a khunyu, carbimazole ndi wa chithokomiro. Manambala nawonso sakhululuka. Mwana wa malungo aakulu, ngati mmene anadwalira mnyamata wanu, timamubaya artesunate, mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, koma akakhala wosakwana makilogalamu 20 timapereka mamiligalamu 3 pa kilogalamu. Mwana wa makilogalamu 12 ndiye kuti alandire 36. Diso likalumpha, dzanja n'kulemba 3.6, mwana uja ali ngati sanalandire kanthu ndipo malungo apitiriza ntchito yake. Ndipotu zimenezi zimalembedwa 2 koloko usiku, munthu utatopa, pabenchi pakudikira amayi ena khumi ndi ana otentha thupi.

Kodi ndiye kuti wa dyslexia ndi woopsa m'wodi? Zimene ndaona ine n'zosiyana. Ndinagwirapo ntchito ndi dokotala wina wachinyamata amene tsiku loyamba anandiuza yekha kuti zilembo zimamuvuta. Dzina la mankhwala ankalilemba m'zilembo zikuluzikulu, n'kuliwerenga mokweza kwa anamwino. Mlingo ankauona kawiri m'buku la Malawi Standard Treatment Guidelines, ndipo mwana sankamulembera jakisoni asanayang'ane tchati la pakhoma. Mafayilo ankachedwa nawo, inde, anzake ataweruka iye akadalemba. Koma pomvetsera wodwala, pofotokozera agogo matenda awo m'mawu oti amve n'kukatsatira kunyumba, m'gulu lake munalibe womuposa. Amene amandiopsa ine ndi wobisa, uja amaopa kusekedwa ndiye safunsa, komanso wodzikhulupirira amene sanaphunzirepo kukayikira diso lake. Safunsa anadya phula, koma m'chipatala phulalo amadya ndi wodwala.

Zizolowezi zimenezi mwana wanu ayambe lero. Mafoni ambiri masiku ano amatha kuwerenga zolembedwa mokweza, ndiye manotsi aziwamva ndi khutu kwinaku akutsatira ndi maso. Azijambula zithunzi za mtima, impso ndi tsamba m'malo moloweza ndime. Mawu ataliatali a sayansi aziwaphwanya m'zidutswa, pakuti zidutswa zomwezo n'zimene zimabwerabwera m'mawu ena. Mayeso a zaka zam'mbuyo azilemba wotchi ili patebulo. Ndipo anzake obwera pakhonde aja musawathamangitse poganiza kuti akumutayitsa nthawi. Pophunzitsa ena m'pomwe iye akuphunzirira, ndipo m'mawodi ndi mmene timaphunzirira tonse.

Ndingodutsa pa ena a m'dengu lija, poti owerenga ena ali ndi ana otere. Vuto la manambala, dyscalculia, ndi lolemera kwambiri pa udokotala kuposa la zilembo, pazifukwa mwaziona kale pa artesunate. Ana osakhazikika, a ADHD, ambiri amafika patali akathandizidwa. Madokotala omwe iwo eni ali ndi autism, vuto lokhudza kucheza ndi kulumikizana ndi ena, alipo, mpaka mu 2019 dokotala wa ku Ireland, Mary Doherty, anayambitsa gulu lawo lotchedwa Autistic Doctors International. Ndipo mwana wa cerebral palsy, woyenda modzikoka ndi kuyankhula movutikira, anthu amathamangira kumuyesa wopanda nzeru pomwe ambiri mwa iwo mutu uli gwa. Ku America kuli dokotala wa ubongo wa ana, Janice Brunstrom, amene iye mwini ali ndi cerebral palsy.

Chinanso, chipatala si MBBS yokha. Ku Malawi College of Health Sciences amasula ma clinical officer, zaka zitatu m'kalasi ndi chaka chimodzi choyang'aniridwa, ndipo m'zipatala zathu za m'maboma ambiri mwa amayi obereka kudzera ku opaleshoni amathandizidwa ndi iwowa. Pa yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) pompano ku Luwinga pali unamwino ndi uzamba, za maso, ndi za m'labotale. Ku Ekwendeni ndi ku St John's nakonso amasula anamwino. Sindikutchula izi ngati chopukutira misozi. Ndi ntchito zimene zasenza umoyo wa dziko lino, ndipo mwana wanzeru amalemba zingapo pafomu yofunsira malo.

Tsopano za mnyamatayu. Gawo ili ndalemba ndi kufufuta kangapo, podziwa kuti mukuwerenga ndi mtima wa kholo.

Ulumali wa nzeru timauzindikira zinthu zitatu zikapezeka pamodzi. Kuganiza, kumvetsa ndi kupeza njira pavuto kumakhala kotsika kwambiri poyerekeza ndi anzake a msinkhu umodzi. Pamayeso a nzeru aja a IQ, pomwe anthu ambiri amakhala cha pa 100, iye amapezeka cha pa 70 kutsika m'munsi. Ntchito za tsiku ndi tsiku, monga kuvala, kugwira ndalama, kudziwa nthawi ndi kudziteteza, zimafuna womuthandiza. Ndipo zonsezi zimayamba ali mwana. Pazitatuzi ine ndimadalira kwambiri yachiwiriyo, chifukwa mayeso ambiri a IQ anapangidwira ana a kunja, m'chiyankhulo chawo, ndi zithunzi za zinthu zimene mwana wa ku Chibavi sanazionepo. Mudziwenso kuti mwa anthu 100 a ulumaliwu, pafupifupi 85 ulumali wawo ndi wocheperako. Amaphunzira kuwerenga pang'ono, amagwira ntchito, ena amamanga mabanja.

Zoyambitsa zake timazidziwa: kubanika pobadwa, chikasu chachikulu cha khanda, matenda oumitsa khosi, kusowa kwa ayodini m'thupi la mayi woyembekezera, mowa panthawi ya pakati, chibadwa monga Down syndrome, ndi malungo a mu ubongo. Za malungo amenewa dziko lonse laphunzira zambiri kuchokera ku Malawi konkuno. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza mu 1989 muyeso woonera kukomoka kwa ana umene mpaka lero umatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo mu 2015 kafukufuku wa komweko anaonetsa kuti chimene chimapha ambiri mwa ana otere ndi kutupa kwa ubongo. Mwa opulumuka, ena amatsala ndi khunyu, ena kuvutika kukumbukira ndi kumvetsa. Mwana wanu anapulumuka ku chinthu chimene chatenga ana ambiri. Ndikunena izi chifukwa manong'onong'o a m'makwalala athu ndimawadziwa, aja oti makolo anamukhwimira kuti geni iziyenda. Bodza limenelo lisakuloweni mumtima. Akuluakulu anati lungalunga m'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo kwa mwana wanu chinadza ndi udzudzu.

Nanga bwanji ndikuti udokotala ayi? Tangoganizani mayi wafika usiku, m'mimba mukupotokola, thukuta lili kamukamu, BP yatsika. Mwina ndi mimba yokhala kunja kwa chiberekero yomwe yaphulika. Mwina matumbo abooka ndi typhoid. Mwina ndi malungo, mwina anamwa azitsamba omwe sakufuna kuulula pamaso pa apongozi. Dokotala ayenera kusunga zonsezi m'mutu nthawi imodzi, kusankha chofunsa, kuona chimene chingaphe msanga, kukumbukira magazi amene ali mufiriji ndi amene palibe, kulamula kuti fiyeta ikonzedwe, ndipo pakatha mphindi khumi n'kusintha maganizo ngati zizindikiro zasintha. Udokotala ndi umenewu, kuganiza zinthu zisanaoneke bwino, moyo wa munthu uli m'manja mwako. Kwa mtsikanayu chothina ndi khomo lolowera nzeru, ndipo tikhoza kumutsegulira lina. Kwa mnyamatayu, ngati oyeza atsimikiza zimene kalata yanu ikusonyeza, malungo anavulaza chipangizo chenicheni chogwirira ntchitoyi. Nthawi yoonjezera, kompyuta, womuwerengera, palibe chingalowe m'malo mwake. Kumukankhira kumeneko kungakhale kumuzunza iye n'kuikanso odwala pachiswe. Izi sizichotsa kalikonse pa umunthu wake. Ntchito iliyonse ili ndi zofuna zake, ngakhale ine sangandilole kuulutsa ndege.

Koma munamufunsapo kuti akati dokotala akutanthauza chiyani? Ana amene anakhalitsa m'zipatala kawirikawiri amakumbukira munthu wovala zoyera amene anawagwira dzanja n'kuwaseketsa. Kwathu kuno wovala zoyera aliyense ndi adokotala. N'kutheka kuti chimene mwana wanu akufuna ndi kukhala munthu wofunika pamalo pomwe anthu akuvutika, ndipo amenewo si maloto a chumba.

Mu 1996, pachipatala cha ana cha ku Cincinnati ku America, namwino woyang'anira mbali ya odwala mwadzidzidzi, Erin Riehle, anaona kuti chipatala chimalandira anthu aulumali wa nzeru ngati odwala okha, osati ngati antchito. Anayamba kuwaphunzitsa ntchito zofuna dongosolo ndi kubwerezabwereza, monga kuika zipangizo za m'wodi m'malo mwake zisanathe. Ndondomeko imeneyo, yotchedwa Project SEARCH, inafalikira m'zipatala ndi m'makampani m'mayiko angapo. Ku England nako, lamulo la mu 2022 limafuna kuti ogwira ntchito zachipatala aphunzire za ulumali wa nzeru ndi autism, ndipo ena mwa ophunzitsa ake ndi anthu aulumaliwo eniake, olandira malipiro. Munthu amene sangakhale dokotala amaimirira kutsogolo kuphunzitsa madokotala mmene angamuyankhulire ndi kumumvetsera.

Kuno sitinafike pamenepo, ndipo zimandiwawa. M'chipatala chilichonse muli ntchito zopinda nsalu zomangira mabala, zochapa, zokankha odwala panjinga, zonyamula mafayilo, zosamalira maluwa ndi dimba, zolozera odwala njira ya ku labotale. Zambiri mwa izi timazitsekera kuseri kwa satifiketi ya sekondale, pomwe chofunika pantchitoyo ndi kukhulupirika, ukhondo ndi kusunga nthawi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba ali ndi ulumali wa mtundu wina. Tiwerengane m'malo athu a ntchito, tione ngati tikuyandikirako. Mabungwe monga FEDOMA lophatikiza mabungwe a anthu aulumali, PODCAM la makolo a ana aulumali, ndi MACODA la boma lija kale linkatchedwa MACOHA, alipo kuti makolo ngati inu musamakankhe chitseko chimenechi nokhanokha.

Pa zaka 11 nkhani yaikulu kwa iye si Sitandade 3. Ndi kudzithandiza. Kuvala mumuphunzitse chidutswa chimodzi chimodzi: sabata ino inu mumuveke malaya iye amalize batani lomaliza, sabata yamawa mabatani awiri. Ndalama aphunzire ndi makwacha enieni, mumutume tomato pafupi inu mukuonera patali. Mumupatse ntchito yake pakhomo imene ikapanda kuchitika banja lonse lizindikira, monga kuthirira ndiwo kapena kutsekera nkhuku. Ngati amakomoka kapena kungoti duu, mankhwala a khunyu asamadumphe, pakuti kugwa pafupipafupi kukhoza kumubwezera m'mbuyo. Mumuphunzitse msanga za ziwalo zimene munthu wina sayenera kugwira, chifukwa ana otere ndi amene anthu oipa amawasaka. A St John of God ali ndi malo othandizira ana otere komanso sukulu ya ntchito zamanja ya achinyamata, ndipo aphunzitsi a ku resource centre ya pafupi nanu, chipinda cha pasukulu chothandizira ana osowa thandizo lapadera, akhoza kukonza naye zoti aphunzire molingana ndi msinkhu wa nzeru zake. Akanena za udokotala musamuseke, musamudule, komanso musamulonjeze. Mukhoza kumuyankha kuti adzathandiza odwala, ndipo pamenepo simunaname.

Za utelala zija, utelala si chinyozo, wadyetsa mabanja ambiri mumzinda muno. Cholakwika n'kugamula tsogolo la ana awiri osiyana ndi mawu amodzi, onse asanayezedwe. Aphunzitsiwo musawasungire kukhosi. Munthu mmodzi ndi ana odzaza kalasi, ndipo ambiri sanaphunzitsidwe kusiyanitsa mwana wonga wanu wamkuluyu ndi wonga wamng'onoyu. Mtsikanayunso musamusenzetse udokotala wa anthu awiri, wake ndi wa mlongo wake. Ana otere amadziwa kale kuti banja likuyang'ana kwa iwo, ndipo mantha nawonso amachedwetsa kuwerenga.

Popita kokayezetsa, ana awiriwa mupite nawo masiku osiyana kuti aliyense amvedwe payekha. Za mnyamatayu mutenge buku lake la kuchipatala, makamaka lakale lija la nthawi ya malungo. Za mtsikanayu mutenge makope ake a English ndi a Biology, malipoti a matemu apitawa, ndi mapepala a mayeso amene sanamalize, kuti oyeza akaone pomwe cholembera chinaimira. Mumujambulenso pafoni tsiku lina akuphunzitsa anzake pakhonde paja, oyezawo ndi ahedi akamve okha. Ndipo mukalowa m'chipindamo, inu mukapereke moni n'kukhala pambali, mafunso akayankhe yekha.